Wanena Ndani?

Mu Ogasiti ndinapereka masamba asanu ndi limodzi
ndikuyenda ngati ndagwetsa njovu ndi legeni.
Anabwerako ali magazi okhaokha.
A Dokotala Muzanenhamo sataya mawu.
M'mphepete mwa ndime iliyonse
inki yawo yofiira inkafunsa chimodzimodzi:
wanena ndani?

Ndinali nditalemba kuti aliyense akudziwa
kuti manja a anthu akwathu anamanga nawo mzinda uno.
Iwo anazunguliza "aliyense" kawiri
mpaka pepala linabooka.
Ndinakwera kombi ku Mount Pleasant nditatupa ngati finye,
kondakitala akukangana ndi mayi wina za chenji,
ine ndikutukwana mumtima m'zilankhulo zitatu.

Kenako anati mutu wanga ndi mtolo wosasenzeka.
Ndinaphungula. Ndinaphungulanso.
Dziko lonse linatsika pamutu panga
n'kutsala kabungwe kamodzi ka maliro ku Mbare,
anthu makumi atatu ndi anayi,
ndi kope lachikuto chakuda
limene a Likongwe amasunga m'jumbo pansi pa matiresi.

Loweruka ndinapita ndi mafunso khumi ndi awiri otayipa bwino.
Anayankha limodzi.
Atatero anandifunsa kuti kwanu n'kuti.
Ndinati ku Mufakose.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira:
"Ndati kwanu, mwana iwe."
Ku Ntcheu sindinapondeko phazi.
Foni inajambula kusowa chonena kwanga,
masekondi khumi ndi asanu ndi anayi,
ndipo usiku magetsi atathima
ndinakumvetsera pakandulo, kubwereza katatu,
osadziwa kuti m'chaputala chiti mungalowe zimenezi.

Rutendo, mnzanga wa benchi yakumbuyo,
amati kafukufuku ali ngati kusankha kaunjika pa Mupedzanhamo:
upindule mulu wonse, fumbi likulowe m'mphuno,
kuti utole malaya amodzi,
nawonso osowa batani.
Tonse awiri tinalephera mayeso a kalembedwe ka maumboni.
Chaka chikhale m'mikutiramawu, dzina la buku lipendekeke,
mpumiro pano, osati apo.
Ndinkati n'zachibwana,
mpaka tsiku lomwe ndinafuna kubwerera kumene ndinatapa mawu ena
n'kupeza kuti njira ndinaifafaniza ndekha.

Tsopano cholembera changa chimayamba chaima.
Ndaphunzira kunena kuti "zikuoneka kuti",
"mwa anthu asanu ndi atatu amene ndinacheza nawo",
"apa umboni ukuperewera".
Mawu ovala nsapato zothina,
koma amafika.

M'kope lija ndalama zimasintha dzina tsamba ndi tsamba,
maziro amaswana ngati nsikidzi
kenako n'kuzimiririka usiku umodzi.
Patsamba la makumi anayi ndi limodzi
ndinapeza agogo anga aamuna, dzina lolembedwa mokhota:
Kaliwo, wophika kwa azungu ku Avondale,
ngongole miyezi iwiri.
Ndinakhala chete.
A Likongwe anandisiya, anapita kukathira madzi ndiwo zawo zamasamba.
Madzulo ake ndinalemba m'munsi mwa tsamba, m'zilembo zing'onozing'ono,
dzina la kope, mwini wake, nambala ya tsamba,
dzanja likunjenjemera
koma mpumiro uliwonse pamalo pake.

Lero cholemba chachinayi chabwerako.
Majakaranda akuyoyoka pamsewu wa ku laibulale,
anthu akuwaponda osayang'ana.
Zofiira zatsala zisanu.
Chaputala chachiwiri akuti chikuyendabe ngati woledzera,
mathero kulibe,
ndipo tsiku lomaliza ndi Lachisanu.
Koma patsamba lachisanu ndi chinayi,
pamene ndinasiya kubisala kumbuyo kwa mabuku a ena,
alemba mopendekeka, inki ikutha:
"Apa wanena ndiwe. Pitiriza."

Ngongole ya miyezi iwiri ija ndinakalipira Lamlungu.
A Likongwe ananyowetsa chala, anatsegula tsamba,
anakhwatcha mosafulumira.
Zimenezo sindinaziike m'pepala.
Palibe amene adzandifunse.