Makiyi a Lachisanu

Mai Felesiya amati ndi mwana wawo wachitatu,
wobadwira ku banki, wolira mwezi ndi mwezi.
Amakadziwa papepala:
nambala ya injini, tsiku la inshulansi,
miyezi makumi atatu ndi isanu yotsala
kuti kakhale kawokawo.
Sanakayendetsepo. Laisensi ikadali m'maloto.
M'mamawa amaima pamzere wa tekisi pa Bree
kukasambitsa nkhalamba yachizungu ku Linden,
kagalimoto kali ndi ine.

Ine ndimakadziwa ndi msana.
Ndikudziwa kuti kamatsokomola pa giya yachiwiri
chisanu cha Juni chikaluma,
kuti pachitunda cha Munro kamapuma wefuwefu
ukanyamula anthu anayi ndi masutukesi awo,
kuti galasi lakumanzere limanjenjemera pa M1
ngati likuopa mathiraki.
Kakafupi thupi, katali miyendo,
mwana wovala nsapato za bambo ake.
Koma maenje a ku Turffontein kamawameza osadandaula,
ndipo mvula ya Disembala itadzaza pansi pa mlatho
anzanga a timagalimoto tokwawa anaima, manja m'chiuno.
Ine ndinadutsa, madzi akunyambita zitseko.

Lachisanu ndimaimika pageti ku Rosettenville.
Amatuluka ndi kabuku ndi tochi ya pafoni.
Moni amabwera pambuyo, oyamba ndi matayala.
"Dafuleni, apa pachitika chiyani?"
"Kangolo ka kushopu, mai. Mphepo inakakankha."
Amanyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta pokalikapo
ngati chilonda choti chipola.
Kenako mphuno m'mipando.
"Mwanyamula wosuta."
Inde, mai. Ndanyamulanso namwino wotopa
amene anagona tisanafike pa loboti yachiwiri,
ndi mnyamata wa ku Namwera, ulendo wa Park Station,
firiji yake itakana kulowa kumbuyo,
tinapinda mipando, chitseko n'kumanga ndi chingwe.
Izi sindiwauza.
Ndimawerengera m'dzanja lawo
marandi zikwi ziwiri ndi mazana atatu.
Zotsala timagawana, ine ndi pampu.

Iwo amati sikamwa mafuta,
anawauza wogulitsa wina wovala tayi.
Ine ndimati tiyeni tikaime limodzi pomwetsera.
Amati mipando yake ndi yofewa.
Akhalepo maola khumi ndi awiri, tidzakambe.

Sabata yatha magetsi anali atazima, msewu wonse bii.
Atatha kuwerenga ndalama anati, "Tazimitsa. Tatsika."
Mtima unagwa. Basi, apeza wolipira zambiri,
mawa ndibwerera kokanyamula simenti ku Booysens.
Koma anazungulira kutsogolo
n'kukhala pampando wanga, ukadali wofunda.
Mapazi sanafike, ndinawakokera mpando.
Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri,
manja otuwa ndi sopo wa ku Linden,
maso pakhoma la aneba
lovala waya wamagetsi wopanda magetsi.

"Pamwamba bwanji," anatero.
"Munthu ukuona patali."

Kutsogolo kunali khoma basi.
Sindinatsutse.

Anafunsa kuti chopondera chapakati n'cha chiyani.
Ndinati buleki, mai.
Anachiponda mwaulemu, ngati akuponda pakhomo pa eni,
nyali zakumbuyo n'kufiiritsa geti lonse,
fiii, n'kuzima, fiii, n'kuzima,
mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa.
Anaseka. Zaka ziwiri ndikuwapatsa ndalama,
mano awo ndinawaona usiku umenewo.

Kenako anatsika, anakonza chitenje,
anawalitsa tochi pa makilomita
n'kulemba m'kabuku nambala yomwe ija,
yosasuntha ngakhale ndi imodzi.
"Lachiwiri ndi sevisi. Musachedwe."
Makiyi anawagwira kanthawi, kanthawi ndithu,
asanawaike m'dzanja langa.

Ndinabweza mpando kumbuyo.
Mpaka lero sunabwerere bwinobwino pamalo pake.