Kalembera ku Mtandire

Adandipatsa chikwama, chipewa ndi mapu,
nati, kawerenge anthu kuyambira m'mbali mwa Lingadzi
mpaka pamene payambira mipanda ya anthu olemera.
Koma mapu sadziwa kuti dzinja lathali
mtsinje udameza nyumba zitatu
ndipo pamalo pomwepo pamera zisanu ndi ziwiri.

Pakhomo pa mayi Nasimango ndafunsa,
kodi muli angati muno?
Awerenga ndi zala za thovu la sopo:
ana anayi, mng'ono wawo wa ku Mitundu,
mlamu wogona masana poti usiku amalonda ku Kanengo,
ndi mnyamata amene adangobwera kudzaona tauni
chaka chomwe fodya adagulidwa bwino.
Ameneyo mumulembe ndi pensulo, atero,
mwina abwerera.

Madzulo ndakwera kabaza.
Wopalasayo, Yotamu, akuti kwawo n'kutsinde kwa Dzalanyama
kumene mtsinje wa Lilongwe ukadali khanda,
umatunga ndi manja n'kumwa.
Kuno ufika utatopa, utasenza majumbo,
anthu n'kumalipira kuti auwoloke
pa timilatho ta matabwa ku Tsoka.

Alendo amajambula nyumba ya malamulo
ndi phiri la Bunda litafunda nkhungu.
Ine ndikadawaonetsa tsamba ili
lodzaza maina, lothimbirira ndi fumbi lofiira.

Usiku afisi akulira m'nkhalango ya pakati pa mzinda.
Amenewo sindinawalembe,
chonsecho ndi okhawo
amene sadachokere kwina.