Chifunga pa Cholembera

M'garaja ya Arlene Koskela, kuno ku Duluth,
Febuluwale amalowa osaodira.
Chipale chofewa chameza theka la zenera,
kumunsi ku doko zombo zagona tulo m'madzi oundana,
koma makina osemera ali maso, akung'ung'udza,
akuzungulitsa kamtengo kotalika ngati chala changa.

Ndinayendetsa basi m'tauni muno mpaka msana unakana.
Lero, imvi mbuu, ndine mwana wa sukulu
wa mayi wovala magalasi omangidwa ndi waya,
amene amayesa kusalala kwa mtengo ndi tsaya.

"Chepetsa liwiro," akutero.
"Dontho la mafuta a fulakesi pa kapepala,
madontho atatu a guluu pamwamba pake.
Yendetsa uku ndi uko, usaime.
Ukaima, pepala likwatiwa ndi mtengowo
ndipo ukwati wake sutha ndi mawu."

Fungo likuluma m'maso ngati anyezi wokwiya.
Kutentha kukubwera pang'onopang'ono ku nsonga za zala,
kenako mtengo uja, wotuwa ngati fupa,
ukudzuka, ukufiira,
mizere ya zaka ikutuluka umodzi umodzi:
chaka cha mvula n'chonenepa,
chaka cha chilala n'chowonda ngati ulusi.

Kamtengoka ndi ka maapozi,
mtengo umene bambo anadzala chaka chobadwa Wendell.
Wendell yemweyo anaudula atagulitsa nyumba,
ine osandiuza.
Nthambi iyi ndinaitola m'mbali mwa msewu
pamodzi ndi zinyalala za Lachiwiri.
Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, lamya ili zii.

Ulendo wachiwiri, wachitatu, wachinayi.
Ndatenga kansalu ka malaya akale kuti ndifulumize,
kansalu n'kufuka utsi m'manja mwanga.
Arlene wakaponya mu ndowa.
"Thonje ndi guluu uyu sapatsana moto mwamtendere."

Ulendo wachisanu, ketulo ikuwira pambali,
ndayimitsa makina kuti ndidzitame.
Taonani chifunga!
Kuyera kwa mkaka kwatsekeredwa pansi pa galasi langa,
mizere yonse ya bambo yabisika.
"Wathamanga. Chinyezi chagona mkati.
Pala zonse, uyambenso."
Ndati tingopaka pamwamba, sizioneka.
Wandiyang'ana pamwamba pa magalasi, osayankha,
wandipatsa sandipepa.

Ndapala. Ntchito ya ola lathunthu yagwa ngati ufa pa nsapato.
Ndili mkati mopala ndikunena za Wendell,
za ndalama za nyumba, za maliro amene anafikako mochedwa,
ndakweza dzanja kuti ndiloze kumene amakhala,
dzanja lakana.
Mkombaphala wamatirira ku chala chachikulu, gwa!
Arlene waseka mpaka kutsokomola utuchi.
Wapita kukafuna mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo,
ndipo sakufulumira.
Ndakhala pa mpando, zala zili bowo ngati ndowe la singano,
wosatha kuloza munthu aliyense
kwa mphindi makumi awiri.

Madzulo tayambanso, ketulo itazimitsidwa.
Dontho, madontho atatu, uku ndi uko.
Kudikira.
Dontho, madontho atatu.
Kudikira ndiyo ntchito yeniyeni,
manja amangoperekeza.

Pali kamng'alu pafupi ndi mfundo.
Tathiramo fumbi la mtengo womwewo ndi guluu,
katsekeka, koma sikanabisike:
kamzere kakuda kowala pansi pa nsanjika zisanu ndi zinayi.
Ndafuna kukatembenuzira kunsi kwa kachitsulo kokolekera m'thumba.
Arlene wati, "Zili ndi iwe."
Ndakasiya kumaso.

Usiku, pa tebulo la kukhitchini,
ndayesa cholemberacho pa envulopu.
Inki yatuluka bwino.
Ndalemba dzina lake, msewu, nambala ya nyumba
imene ndimaidziwa kale,
kaya akadali komweko.
Pa chala changa khungu likadali louma ndi guluu,
sindikumva pepala,
koma ndikulemba.