Kuwerenga Timitengo

Bilu ya magetsi inadya Disembala yense,
n'kundisiyira madola makumi awiri ndi atatu.
Koma pakamwa panga, posadziwa masamu,
panali pataitana kale nsanjika yachinayi yonse:
Loweruka bwerani kwa Darlene, tidzaone Khirisimasi isanafike.

Kuno ku Winnipeg chisanu sichiodira.
Chimalowera pansi pa chitseko,
n'kukhala pampando, n'kufunsa kuti mwaphikanji.

Ndinapita kusitolo ya pa Selkirk dzuwa litalowa,
nthawi imene buledi wadzulo amamumata kapepala kofiira.
Ndinatenga awiri. Mazira khumi ndi awiri.
Tchizi chotchipa, cholimba ngati sopo wochapira,
botolo la nkhaka zam'viniga,
timbatata tija amatikankhira pambali poti n'tating'ono,
chitini cha nsomba,
ndi kabokosi ka timitengo totokosera m'mano.
Chenji chinali masenti makumi anayi.
Ndinawafumbata m'gulovesi mpaka kunyumba.

Kusowa kuli ndi mpeni wake.
Dzira limodzi ukalidula pakati ladyetsa alendo awiri,
ukaliwaza tsabola wofiira lavala za paphwando.
Buledi ukamucheka mopyapyala,
kumukhutiza adyo ndi mafuta, kumuwamba mu uvuni,
amaiwala zoti anagona pashelefu.
Nsomba ndinazinyenya ndi anyezi kuti zisawerengeke.
Kenako ndinabaya, ndinabaya:
tchizi, nkhaka, tchizi, nkhaka,
mpaka chala chachikulu chinachita dzanzi.

Woyamba anali Bambo Thorvaldson,
zaka makumi asanu ndi atatu, tayi pakhosi, masilipasi kuphazi.
Anaima pafupi ndi chotenthetsera, osasunthanso.
Marivic anabwera ndi mpando wakewake ndi ana atatu
amene anapeza thireyi ya mbatata asanapeze moni.
Ghislaine analowa atanyamula tinkhanu todula,
tozungulira bwino m'mbale ya pulasitiki,
koma pakati tidakali madzi oundana.
Tinatiika pawindo kuti tidikire.
Majombo anaunjikana pakhomo, akudontha.

Lorne anafika mochedwa, fungo la basi lili m'jekete.
Iye ndi Ghislaine salankhulana chiyambire Novembala,
nkhani yake soketi ya panja yotenthetsera injini,
wina anazula chingwe cha mnzake usiku wa chisanu choopsa.
Ndinalibe mbale zokwana, ndinalibe mafoloko,
choncho panalibe woti akhale pakona ndi chake.
Aliyense amayenera kutambasula dzanja
kumene dzanja lina latambasukira.

Ndinaona ndi diso la kukhitchini:
kambatata kamodzi katsala,
zala ziwiri zakumana pamwamba pake, zaima.
Ghislaine anakang'amba ndi chikhadabo chopaka utoto,
nthunzi inatuluka pang'ono.
Lorne anati, kakusowa mchere.
Ghislaine anati, ndiye kautenge.
Anapita kukautenga.

Sindikunena kuti anagwirizana.
Ndikunena kuti mchere unabwera.

Pofika teni koloko mbale zinali mbee,
mwana wa Marivic akutola nyenyeswa ndi chala chonyowa,
Bambo Thorvaldson akufunsa kachitatu
kuti buledi ameneyu ndinamugula kuti.
Ndinati ndi chinsinsi cha banja.

Atapita onse ndinayamba kutolera timitengo.
M'kapu, pawindo, mumphika wa duwa,
kena m'thumba la epuloni yanga,
kena kothyoledwa pawiri ndi munthu amene amaganiza zakutali.
Makumi asanu ndi atatu kudza kasanu ndi kawiri.
Risiti ya kusitolo imanena zimene ndinalipira,
iyi ndiyo imanena zimene ndinagula.

Tinkhanu tinasungunuka pakati pa usiku, patatsala ine ndekha.
Ndinadya titatu nditaimirira, magetsi nditazimitsa,
ndikuyang'ana chipale chikukwirira magalimoto pansipo,
zingwe ziwiri zili m'soketi imodzi.
Theka la dzira ndinali nditabisa kuseri kwa mkaka.
Limenelo ndi la mawa.