Chikwama Pansi pa Bedi

Ndalongedza katatu mwezi uno:
zitenje ziwiri, khadi la kusikelo,
yunifomu yomwe zipi yake inakana mu Julaye,
ndi buku la sayansi, kaya la chiyani.
Katatu konse ndamasula kusanache,
poti sindidziwa ngati kuchoka pakhomo
ndi mlandu kapena ulendo chabe.

Kuno ku Mchini nkhani imafika msanga
kuposa madzi a pampopi.
Atate analeka kunditchula dzina.
Amati uyo. Amati mumuuze uyo,
ngati Zelipa anamwalira
ndipo ine ndangovala nkhope yake.
Amalume anabwera ndi pepala
kudzawerengera ndalama za damiji,
koma Yotamu, mwini mlandu,
anagulitsa njinga yake ya hayala
nawoloka pa Mwami usiku.
Foni yake imayankhidwa ndi mkazi wa m'makina
amene satopa kupepesa.

Lachiwiri ndinanama kuti ndapita kusikelo.
Ndinadutsa pa Kapata, nkhope pansi,
poti azimayi a tomato amaona mimba
mwini wake asanaidziwe.
Ndinayenda mpaka ku Boma, fumbi m'mapazi,
kufunsa khomo la osamalira ana.

Amayi Sakala, magalasi pamphuno,
fani yakufa pamwamba pa mutu wawo.
Sindinazungulire ayi.
Kodi ndingachoke?
Apolisi akandipeza adzandibweza
ngati mbuzi yodula chingwe?

Zaka zingati? Sikisitini.
Anavula magalasi.
Pamaso pa lamulo ndiwe mwana, anatero,
mimba siwonjezera zaka.

Ndinaseka, kuseka kowawa kukhosi.
Kunyumba amati ndadzikulitsa ndekha, ndidzionere.
Kusikelo namwino amakuwa kuti amayi, kwerani apa.
Pano ndine mwana.
Thupi limodzi lomweli,
aliyense alipatsa msinkhu womukomera.

Amakumenya? Ayi.
Amakumana chakudya? Ayi,
mbale imabwera, imaikidwa pansi, khomo limatsekedwa.
Cholembera chawo chinaima m'malere.
Pa fomu panali malo a zilonda,
malo a njala, malo a ukwati wokakamiza,
koma panalibe malo olembapo chete.

Wachibale alipo?
Azakhali a Dailesi ku Katete, a salaula,
omwe anandituma mawu kudzera kwa kondakitala:
mphasa ilipo, ubwere.

Tiitana atate ako, anatero, tikhale pansi.
Ukapita, upite akudziwa, ifenso tikudziwa.
Usathawe usiku, mwanawe.
Wochoka masana amasiya njira yobwererapo.
Analemba nambala kuseri kwa khadi langa,
nati ukachira, sukulu ikudikira,
mpando wako sunathyoke.

Pobwerera mwana anandiponda m'nthiti
pafupi ndi pogulitsira makala.
Ndinamufunsa, iwe ukufuna kuti?
Ku Katete kapena kwa agogo ako osalankhula?
Anapondanso. Naye sadziwa malamulo.

Ndinafika dzuwa litatsamira pa Kanjala.
Atate pampando, wailesi pakhutu.
Amayi akutsuka mbale zotsuka kale.
Palibe anafunsa za sikelo.

Ndinagwada, kukoka chikwama.
Chinali cholemera kuposa m'mawa.
Zitenje zanga zapindidwa mwina,
mapindidwe amene ndimawadziwa kuyambira ndili wamng'ono,
ndipo pamwamba pa buku la sayansi
matewera anayi atsopano, sopo wa m'bokosi,
ndi kachipewa koluka ndi ulusi wachikasu,
kosamaliza, singano zikadali momwemo.

Ndakhala nako m'manja mpaka magetsi athima.
Kodi akuti pita bwino,
kapena akuti dikira ndimalize?
Lamulo landiyankha lero masana.
Ili ndi funso lina,
ndipo mwini yankho ali kuseri kwa khoma ili,
akutsokomola, nayenso sanagone.