Mpweya wa Mbali Yachiwiri

Ndinkagwira nkhope yake kasanu ndi kawiri pa mphindi,
m'chaka cha 1966, ku fakitale ya mbale ku Hayes,
kumene fungo la pulasitiki wotentha
linkalowa m'tsitsi n'kukagona nafe pabedi.
Yanga inali yolonga: mbale m'kapepala koyera,
kapepala m'chikuto, chikuto m'katoni,
ndipo pachikuto chilichonse panali Della Quarrie
atatsamira mlatho, chikhotho chachikasu chili pamapewa,
maso atawazunguliza utoto wakuda
ngati wangolira kumene, kapena akusunga misozi ya mawa.

Sindinkamukonda, ndinene poyera.
Ndinali wamkulu kwa iye ndi miyezi inayi,
ndipo ankati bambo ake ankatumbula nsomba ku Grimsby.
Nanga bwanji iye pamlatho, ine pabenchi,
zala zili mabala okhaokha ndi makatoni?
Mavis wa pambali panga ankamujambula ndevu ndi bolopeni
pa zikuto zowonongeka, ife n'kufa nalo phwete
mpaka a Tordoff, kapitawo, atakhosomola kumbuyo kwathu.

Lachisanu ankatigulitsa mbale zolumala pamtengo wozizira.
Ndinatola imodzi ya chipsera m'mphepete,
n'kuifungatira m'basi mvula ikugogoda pazenera.
Galamafoni ya mchimwene wanga Dennis
inkafuna khobidi pamutu pa singano kuti isamajowe.
Mbali yoyamba inali chiphokoso: malipenga, ng'oma, kuwomba m'manja,
zovinira anyamata a nsapato zosongoka.
Ndinatembenuza mwaulesi.

Kuseriko kunali piyano yokha, ndi iye,
mawu atasasa ngati a munthu wongodzuka,
akuuza mwamuna kuti aike kiyi pansi pa mphika wa maluwa
ndipo asavutike n'kutsazika.
Asanalowe ndime yomaliza anakoka mpweya,
wautali, wonjenjemera pakati.
Palibe anaufufuta.
Unali mpweya wa mtsikana amene miyendo yake ili zii ndi mantha,
wonga uja ndinkakoka ine pakhomo la ofesi ya a Tordoff.
Ndinabweza singano kakhumi
mpaka amayi anagunda denga ndi mtengo wa tsache
kuti m'chipinda cham'mwambamo muchepe misala.

Lolemba ndinalanda Mavis bolopeni.
Sanandilankhule mpaka Khirisimasi.

Chimbale chachiwiri sichinatuluke.
Ena ankati anakwatiwa ku Canada,
ena ankati anamuona akudinda makalata papositi ku Hull.
Ine ndinakwatiwa ndi Clive, woyendetsa mabasi,
yemwe pochoka anatsazika maola atatu
koma kiyi anapita nayo.
Fakitale inatseka. Mavis tinamuika m'nyengo ya chisanu,
nthaka italimba ngati chitsulo.

Dzana mdzukulu wanga Imogen anandiika timawaya m'makutu:
"Agogo, chimbale chanu chija chili pafoni,
achichapa, mulibenso kukhwekhwereza."
N'zoona, munali mbee.
Piyano inkanyezimira ngati mbale zam'kabati ya alendo.
Ndinadikira pamalo paja, mtima uli m'mwamba,
koma ndime inangolowa yokha, yosalala,
ngati woimbayo analibe mapapo.
Wina, m'chipinda chodzaza makina,
anauyesa litsiro n'kuusesa.

Sindinamuuze mwanayo. Ndinati zikomo.
Atapita ndinakwera pampando, zimene dokotala analetsa,
n'kutsitsa katoni pamwamba pa wadirobu.
Chikhotho chachikasu chasuluka, chafanana ndi tiyi wamkaka,
ndipo pakona pali kadontho kofiirira ka chala changa.
Galamafoni ya Dennis yatsala, mwiniwake kulibe.
Khobidi lakale ndinalisowa, ndinaikapo batani la jasi.
Singano inapalasa fumbi, inajowa kamodzi,
kenako Della anaima pakhomo pa ndime yake, zaka makumi awiri,
n'kukoka mpweya.
Ketulo inali ikulira kukhitchini. Ndinaileka ilire.