Kuchedwetsa Ofulumira

Ku Graniteside magetsi abwera leveni koloko usiku,
ndiye ine ndimayamba ntchito Harare akufunda bulangete.
Patebulo pali bolodi lobiriwira,
pakati pake katchipi kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu,
ndi timisewu tamkuwa tisanu ndi titatu tolowa m'menemo.

Uthenga umanyamuka limodzi, inde.
Koma kamsewu kachitatu kamalambalala sikuluwu,
kachisanu ndi chiwiri wojambula bolodi anakapinda kawiri,
ndipo wotchi ya m'katimo ilibe chisoni:
ikagunda imalemba amene yamupeza pakhomo,
kaya ndi mwiniwake, kaya ndi fumbi la amene wadutsa kale.

Masana Ruvarashe anandifunsa akupukuta malata m'manja,
"Bwanji osangomuthamangitsa wochedwayo?"
Mwana wa eni, mkuwa sumva chikwapu.
Chomwe ndingathe ine n'kugwira malaya a ofulumira
mpaka wotsalira atawapeza.

Choncho nditumiza mawu omweomwewo,
wani, ziro, wani, ziro,
n'kumawonjeza kuchedwa sitepe imodziimodzi.
Pa sikisi, bodza.
Pa eyiti, bodza losakaniza ndi zoona.
Pa naini zayera,
ndipo ziyerabe mpaka twente-wani,
kenako bodza liyambiranso.
Pakati pa mabodza awiriwo ndi pamene timati diso.
Ndikhoma pa fifitini, pamwanadiso penipeni,
chifukwa Okutobala akadzawotcha denga la shopu ino
disolo lidzayamba kutsinzina,
ndipo wokhala m'mphepete ndiye adzatsinidwe ndi chikope.

Bambo anga a Kachingwe ankasoka matumba ku Mbare.
Kalata yochokera ku Dedza inayenda masabata atatu.
Pamene ankaitsegula, kumudzi anali atameta kale,
iwo n'kuyamba kulira achimwene awo okha, pa Lachiwiri,
anzawo akuwerenga chenji.
Dzulo lake anali ataponya yawo
yofunsa ngati chifuwa chija chasiya.
Makalata awiriwo anaphonyana penapake,
mwina ku Nyamapanda, mwina pa mlatho wa ku Tete.
Ndayesa kuwerenga kuti pamenepo pakanafunika masitepe angati,
andigwirire ndani malaya, aimitse chiyani.
Sindipeza.

Folo koloko. Tiyi wazizira m'kapu.
Kombi yoyamba ikukuwa mu Seke Road, ilibe anthu.
Timisewu tisanu ndi tiwiri tagwirizana,
koma kopindidwa kaja diso lake ndi masitepe atatu okha,
ngati la munthu amene wangodzutsidwa.
Ndikaika pakati pomwepo, n'kulemba m'kope ndi pensulo:
ichi sichidzapirira dzuwa,
muwauze ojambula awongole njira.

Kanyali kobiriwira kayaka.
Ndikhala phee, kukayang'ana,
manja pamaondo monga ankakhalira bambo.
Faifi koloko magetsi adzapita osatsazika,
ndipo tchipi idzaiwala zonse ndaiphunzitsa.
Usiku wa mawa idzayambanso pa ziro,
kufufuza kuti ndani wafika msanga.